Amayi a ku Gee's Bend ndi zofunda zawo za zigamba

Amayi anzanga, nonse amene mudagwirapo singano mukudziwa kuti kusoka kumakoma mukakhala awiri kapena atatu, wina akudula, wina akulumikiza, nkhani zili m'kati. Ku America kuli amayi ambiri okonda kusoka zofunda za zigamba, zimene iwo amati quilt, ndipo chikondi chawocho chidafika poti amasiya nyumba zawo masiku atatu kapena anayi, nanyamula makina osokera, nsalu ndi ulusi, napita kukagona pamalo amodzi kuti akasoke pamodzi kuyambira m'mawa kufikira usiku. Sapita kukagwira ganyu ayi. Iwo eni ndiwo amalipira malo ogona, chakudya ndi aphunzitsi, ndipo pobwerera aliyense amatenga chimene wasoka.

Mwa misonkhano yotereyi padali ina imene inkachitika m'chigawo cha Mississippi m'zaka za m'ma 2010. Aphunzitsi ake adali amayi awiri achikuda, Mary Ann Pettway ndi China Pettway, ochokera m'mudzi wina wa m'chigawo cha Alabama wotchedwa Gee's Bend. Ophunzira ankachokera kutali, anthu okhoza kulipira ulendo wotere, ndipo aphunzitsiwo ankati akamasoka nkumayimbanso nyimbo za kutchalitchi kwawo. Tsono chodabwitsa ndi ichi: mudzi wa Gee's Bend udali umodzi mwa midzi yosaukitsitsa m'dziko lonselo, ndipo agogo a amayi awiriwa ankasoka chifukwa chosowa chogulira bulangete. Kuti timvetse chimene anthu olemera ankakafuna kwa iwo, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka mazana awiri.

Gee's Bend ndi malo amene mtsinje wa Alabama udakhota nuzinga dziko mbali zitatu, kotero kuti mudziwo uli ngati chilumba, njira ya pamtunda ndi imodzi yokha. Mzungu wina dzina lake Joseph Gee adafika pamenepo m'chaka cha 1816 kuchokera ku North Carolina, natsegula munda wa thonje wolimidwa ndi akapolo. M'chaka cha 1845 abale ake adapereka mundawo kwa Mark Pettway pobweza ngongole, ndipo chaka chotsatira Pettway adasamukira kumeneko pamodzi ndi akapolo oposa 100. Akapolowo adayenda pansi ulendo wonse, mailosi pafupifupi 700. Nchifukwa chake mabanja ambiri a kumeneko ali ndi dzina la Pettway ngakhale si onse a magazi amodzi. Lidali dzina la mbuye amene adawagula. Ukapolo udatha mu 1865, koma ambiri sadachoke, pakuti adalibe kopita. Adakhala matenanti m'munda womwewo, kulima thonje pa ngongole, ndi kubweza ngongoleyo ndi thonje lomwelo.

Nyumba zawo zidali za mitengo, zomata dothi m'ming'alu, ndipo m'kati ankamata manyuzipepala pakhoma kuti mphepo ichepe. Kumeneko kuzizira kumafika m'miyezi ya December, January ndi February, ndipo masiku ena madzi amachita kuundana. Ana ankagona ambiri pabedi limodzi, ndipo bedi lililonse linkafuna zofunda zingapo zosanjikiza. Mayi amene sadasoke m'nyengo yake, ana ake ankagona akunjenjemera.

Chofunda chotere chimakhala ndi magawo atatu. Pamwamba pali zidutswa za nsalu zolumikizidwa, pakati pali thonje, pansi pali nsalu ina, ndipo zonsezi zimasokedwa pamodzi ndi mizere yambirimbiri ya ulusi kuti thonje lisaunjikane mbali imodzi. Ku Gee's Bend zidutswazo zinkachokera ku maovolosi akutha a abambo, ku miyendo ya mathalauza, ku madiresi ong'ambika ndi ku matumba a ufa ndi a feteleza. Ankasolola msoko, natambasula mwendo wa thalauza uja, nausoka momwemo, ndi pabondo pofwifwa, ndi pamene padali thumba pooneka mtundu wake woyamba. Thonje la pakati lidali lotolatola, lotsala m'munda kapena ku makina opuntha thonje, ndipo ankalimenya ndi ndodo kuti lichoke zinyalala ndi kufufuma.

Kulumikiza zidutswa idali ntchito ya mayi yekha, madzulo atabwera kumunda, pa kuwala kwa nyali. Koma kusoka magawo atatu aja pamodzi sikudali kwa munthu mmodzi. Thonje likatha kukololedwa amayi ankasonkhana m'nyumba ya mnzawo, natambasula chofunda pa mitengo inayi yomangidwa ngati felemu, nakhala mozungulira, aliyense ndi singano yake. M'nyumba zina felemulo linkalendewera kudenga pa zingwe, ndipo usiku ankalikokera m'mwamba kuti anthu apeze pogona. Akatha zofunda za uyu ankapita kwa uyo, monga timachitira pa dima, masiku nkumapita, akuyimba ndi kupemphera ndi kuuzana za m'mabanja. Atsikana ankayamba ndi kulowetsa ulusi m'singano za amayi awo, maso ali pa manja a akuluakulu. Sukulu yake idali yomweyo.

Kasokedwe kawo sikadali ka m'buku. Amayi a m'madera ena a America ankatsata zithunzi zosindikizidwa, zidutswa zonse zoyezedwa bwino, ngodya ndi ngodya kukumana. A ku Gee's Bend ankang'amba nsalu ndi manja kapena kudula ndi sizasi mongoyang'ana ndi maso. Kasokedwe kamene ankakakonda kwambiri ankakatcha Housetop: umayamba ndi kachidutswa ka ngodya zinayi pakati, nkumazunguliza timizere ta nsalu kufikira chofunda chitakula, ndipo chikatha chimaoneka ngati denga la nyumba ukaliyang'ana uli chagada. Koma ngakhale pamenepo mayi aliyense ankapotoza monga mwa mtima wake. Nsalu yofiira ikatha pakati pa mzere ankapitiriza ndi yobiriwira, osadandaula. Zofunda zimene sizidatsate chitsanzo chilichonse ankati nzosoka mwa njira ya mwini wake, ndipo munthu wa m'mudzimo ankatha kuzindikira wosoka pongoona chofunda chili pachingwe.

Pali chofunda chimodzi chimene ndifuna tichione bwino. Adachisoka Missouri Pettway m'chaka cha 1942, mwamuna wake Nathaniel atamwalira atadwala nthawi yaitali. Mwana wawo Arlonzia ndiye adasimba nkhaniyi atakalamba. Mayiyo adatenga zovala zonse za kumunda za malemuyo, mathalauza ndi malaya, nauza mwana wakeyo kuti amthandize kuzing'amba, nasoka chofunda choti azifunda pokumbukira mwamuna wake. Nchotuwa, cha mitundu ya dothi ndi ya jinzi lakutha, ndipo madontho a m'munda akuonekabe. Bamboyo adalibe zovala zambiri, kotero kuti pafupifupi zonse zimene adali nazo zidalowa m'chofunda chimodzi. Inu amene mudasungapo malaya a munthu amene adatisiya, osafuna kuwapatsa wina ngakhale mwambo wogawa zovala utafika, simufuna kuti wina akumasulireni zimenezi.

Chaka chowawa koposa chidali 1932. Mtengo wa thonje udagwa kwambiri, ndipo anthu a ku Gee's Bend adali ndi ngongole kwa wamalonda wina wa m'tauni ya Camden, kutsidya kwa mtsinje. Wamalondayo atamwalira, a pabanja pake adatumiza anthu ndi ngolo kukatenga chilichonse chogulitsika. Adatenga nyulu, ng'ombe, nkhumba, nkhuku, makasu, mapulawo, chimanga ndi mbatata m'mabanja oposa 60. M'nyengo yozizira imene idatsatira anthu adapulumukira ufa wa bungwe la Red Cross ndi zipatso za m'tchire. Mbiri ya umphawiwo idafika ku boma la President Roosevelt. Mu 1937 boma lidagula dzikolo, limanga nyumba za matabwa, sukulu ndi chipatala chaching'ono, ndipo m'zaka za m'ma 1940 lidagulitsa minda kwa mabanjawo pa ngongole yopepuka. Chaka chomwecho cha 1937 wojambula wa boma, Arthur Rothstein, adajambula zithunzi za m'mudzimo, ndipo pa zina mwa izo pakuoneka amayi ndi atsikana akusoka, makoma ali omata manyuzipepala.

Kukhala ndi minda yawoyawo kudadzaoneka phindu lake patapita zaka makumi awiri. M'boma la Wilcox, m'mene muli Gee's Bend, anthu akuda ndiwo adali ochuluka, koma kufikira kuchiyambi kwa 1965 padalibe ndi mmodzi yemwe wolembedwa m'kaundula wa voti. Tenanti akayesa kukalembetsa, mwini munda ankamthamangitsa. Koma munthu wa ku Gee's Bend adali pa dziko lake, ndipo ambiri adalimba mtima namawoloka kupita ku Camden kukalembetsa ndi kukachita zionetsero. Padali bwato lowolotsa anthu ndi magalimoto pa mtsinjepo. Mu 1962 akuluakulu a bomalo adalichotsa, ndipo ulendo wa mphindi zochepa udasanduka ulendo wa pafupifupi ola lathunthu pa galimoto, kwa anthu amene ambiri a iwo adalibe galimoto. Dokotala adali ku Camden, masitolo ku Camden, ndi ntchito zomwe. Bwatolo silidabwerenso kufikira 2006, patapita zaka 44. Mu February 1965 Martin Luther King adafika m'mudzimo usiku nalalikira m'tchalitchi cha Pleasant Grove, ndipo ataphedwa mu 1968, nyulu ziwiri zimene zidakoka ngolo ya bokosi lake m'misewu ya Atlanta zidachokera ku Gee's Bend.

M'masiku a mavuto omwewo, mu December 1965, wansembe wina wachizungu wa mpingo wa Episcopal, Francis Walter, ankayenda m'boma la Wilcox kulemba nkhani za anthu amene adathamangitsidwa m'minda chifukwa cha voti. Atasokera njira adaona zofunda zitatu zitayanikidwa pachingwe pakhomo pena, ndipo mitundu yake idamuimitsa. Adaganiza kuti ku New York kungapezeke ogula. Adayamba kugula zofunda pa madola 10 chimodzi, nazitumiza kukagulitsidwa pa okushoni, ndipo phindu lidabwerera kwa osoka. Pa 26 March 1966 amayi oposa 60 adasonkhana m'tchalitchi ku Camden nakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa Freedom Quilting Bee. Mmodzi mwa atsogoleri ake oyamba adali Minder Coleman wa ku Gee's Bend, ndipo woyendetsa ntchito kwa zaka zambiri adali Estelle Witherspoon wa m'mudzi woyandikana wa Rehoboth. Mu 1969 adamanga nyumba yawo yosokeramo, naitcha dzina la Martin Luther King, ndipo pambuyo pake adatsegula malo osungirako ana kuti amayi azisoka ndi mtima umodzi. Mbali ina ya malo amene adagula adaigulitsa kwa mabanja othamangitsidwa aja. Ndalama za singano zidalowetsa madzi ndi magetsi m'nyumba zambiri, zidagula mafiriji, ndipo zidatumiza ana kusukulu zapamwamba.

Koma ndalamazo zidadza ndi lamulo lake. Sitolo yaikulu ya Bloomingdale's ya ku New York itayamba kuitanitsa zofunda mu 1968, idafuna kuti zonse zikhale za muyeso umodzi, za chitsanzo chimodzi, misoko yaing'ono ndi yofanana. Wogula amene waona chofunda pa chithunzi safuna kulandira china. Motero amayi amene adazolowera kusoka mwa njira yawo adayenera kuphunzira kusoka mwa njira ya sitolo, ndipo ena amene misoko yawo idali yotalika kapena mizere yokhota adauzidwa kuti ntchito yawo siyikukwana. Ine sindiwadzudzula atsogoleri a bungwelo. Adali ndi amayi ambiri oyembekeza malipiro, ndipo katundu wobwezedwa sadyetsa mwana. Komabe nzoona kuti chimene chidamuimitsa wansembe uja pamsewu ndicho chimene msika udayamba kuchikana.

Mu 1972 bungwelo lidapangana ndi kampani ya Sears kuti lizisoka zovundikira mapilo za nsalu yokhuthala ya mizeremizere ija ya corduroy, ndipo ntchito imeneyi idakhala zaka zambiri. Idali ntchito yobwereza chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Koma podula pankatsala zidutswa, zofiira, zachikasu, zobiriwira ndi zakhofi, ndipo amayi ankazitengera kunyumba ndi kugawirako anzawo amene sadali m'bungwemo. Usiku, kunyumba, kopanda woyeza ndi tepi, adasoka nazo zofunda za ana awo mwa njira yakale ija. Zambiri mwa zofunda zimene zidadzatchuka pambuyo pake nza zinyenyeswa zimenezi. Bungwe la Freedom Quilting Bee lidafooka pang'onopang'ono pamene masitolo adayamba kugula zotchipa za kunja, ndipo lidatseka mu 2012.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 munthu wina wosonkhanitsa zaluso, William Arnett wa ku Atlanta, adaona m'buku chithunzi chojambulidwa ndi Roland Freeman. Pa chithunzipo padali mayi wina, Annie Mae Young, ataima pafupi ndi mulu wa nkhuni, ndipo pa nkhunipo padayalidwa chofunda chimene adachisoka mu 1976: m'mbali monse majinzi akutha, pakati timizere ta corduroy tofiira ndi tachikasu. Arnett adafunafuna mpaka adapeza nyumba ya mayiyo. Zimasimbidwa kuti mayiyo poyamba adayesa kuti chofundacho adachitentha, pakuti masiku omwewo adatentha zofunda zina zakale kuti utsi wake uthamangitse udzudzu. M'mawa mwake adachipeza, nafuna kumpatsa mlendoyo kwaulere. Mlendoyo adalipira madola zikwi zingapo pa chimenecho ndi zina, ndipo mbiri idawanda m'mudzi monse kuti kwabwera mzungu wogula nsanza. Amayi adayamba kutulutsa zofunda pansi pa matiresi.

Mu 2002 zofunda pafupifupi 70 zidapachikidwa m'nyumba yaikulu yoonetsera zaluso ku Houston, ndipo pambuyo pake ku Whitney Museum ku New York. Akatswiri olemba za luso adaziyerekeza ndi zojambula za anthu otchuka a ku Europe ndi America, anthu amene amayiwa sadamvepo ndi maina omwe. Amayiwo adakwera basi kupita kukaona, ndipo atalowa naona maovolosi a amuna awo ndi madiresi a amayi awo ali pakhoma loyera, nyali zikuwalira, ena adalira, ena adayamba kuyimba. Mu 2003 adakhazikitsa bungwe latsopano la Gee's Bend Quilters Collective, ndipo mu 2006 positi ofesi ya America idatulutsa masitampa 10 a zithunzi za zofunda zawo. Mu 2015 boma lidapereka ulemu waukulu wa amisiri a luso la makolo kwa atatu mwa iwo, Mary Lee Bendolph, Lucy Mingo ndi Loretta Pettway.

Kutchuka sikudathetse nkhani ya ndalama. Zithunzi za zofundazo zidasindikizidwa pa makapeti, pa makapu ndi pa katundu wina wa m'masitolo, pamene m'mudzimo umphawi udakalipo ndipo achinyamata ankapitabe kumatauni. Mu 2007 Annie Mae Young ndi Loretta Pettway adasumira a Arnett ku bwalo la milandu ponena kuti sadalandire gawo lowayenera. Amayi ena ambiri adaima ndi a Arnett, nati popanda iwo zofundazo zikadathera pamoto. Milanduyo idatsekedwa mu 2008 isadafike poweruzidwa. Amene adakhalapo m'gulu logawana phindu la ntchito ya manja adziwa mmene nkhani yotere imalowera pakati pa anthu a tchalitchi chimodzi. Mu 2021 amayi ena a kumeneko adatsegula masitolo awoawo pa intaneti, kuti wogula azilipira kwa wosoka mwini wake popanda wina pakati.

Tsono tibwerere ku misonkhano ya ku Mississippi ija. Wophunzira wozolowera kasokedwe ka masiku ano amafika ndi nsalu zatsopano zogula pa muyeso, ndi rula, ndi mpeni wozungulira wodulira mizere yowongoka, ndi pepala la chitsanzo. Aphunzitsi a ku Gee's Bend ankawalimbikitsa kuika pambali rula ndi pepala, kubweretsa zovala zakale za kunyumba kwawo, ndi kulumikiza chidutswa ndi chinzake poona ndi maso. Kwa munthu amene wakhala zaka zambiri akusolola msoko uliwonse wokhota, chimenechi si chapafupi, ndipo nchifukwa chake tsiku limodzi silikwana. Chimene sitolo ya ku New York idachikana mu 1968 ndicho ankachilipirira ulendo, pamodzi ndi kukhala mozungulira nsalu masiku angapo, kudya pamodzi ndi kumva nyimbo zija. Kwa iwo adali masiku opumula. Kwa Missouri Pettway ndi anzake kukhala pamodzi kotere kudali kuthamangitsana ndi chisanu, m'nyumba yolowa mphepo, atagwira ntchito ya m'munda chaka chonse, ndipo ndikhulupirira kuti aphunzitsi aja, posoka ndi alendo awo, sadaiwale kusiyana kwake.

Kale ku Gee's Bend kudali mwambo wotulutsa zofunda zonse panja kamodzi pa chaka, kuziyanika pa zingwe ndi pa mipanda kuti zipitidwe mphepo. Amayi ankayenda khomo ndi khomo kuona za anzawo, ndipo wina akaona kasokedwe komkomera ankakasunga m'mutu nkukakasintha kwawo. Mu October 2022 anthu a m'mudzimo adautsa mwambowo naitana alendo. Zofunda zidayanikidwanso pa zingwe m'mbali mwa msewu, ndipo osoka ake adakhala pambali pa zofunda zawo, kuyankha mafunso ndi kutchula okha mtengo.